Nyumba ya agogo ku Domwe: tigwetse kapena ikhale?

Nabanda (Ulongwe): Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pagulu pano. Sabata yatha ndinali ku Limbe kooda zitenje, ndiye mwini sitolo anati katundu wanga atuluka madzulo. Posowa chochita, alamu anga ananditengera ku Mandala House mu Blantyre. Ine dzina la Mandala ndinkalimvera pa magalimoto, ndiye ndimayesa tikupita ku galaja. Kufika, ndi nyumba yakalekale yosanja, khonde lake lalikulu. Anaimanga mu 1882. Pamwamba pali mabuku ndi zithunzi zakale, pansi amagulitsa zojambula ndi khofi. Ndisaname, pakhomo ndinati "odi", alamu anga mpaka kugwira m'mimba ndi phwete. Nanga munthu ungalowe m'nyumba ya eni chete ngati mbuzi?

Koma chandilembetsa si ulendowo ayi. M'basi monse pobwera ndimangoganiza za nyumba ya agogo athu kumudzi ku Domwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, imene msuweni wanga wina, amene ali pagulu pompano ndipo akuwerenga, akufuna kuigwetsa mwezi wamawa.

Kachewere: Asuweni mwayambapo. Tchulani dzina basi, ndine. Nyumba imeneyo ikudontha, chiswe chatha mitengo ya denga, usiku ndi mileme yokhayokha. Ine ndikufuna pamalopo ndimange mosungira mbatata. Chaka chatha matumba angati anandiwolera panja? Inu mwamwa khofi wa ku Blantyre kamodzi, mwabwerako ndi maganizo achizungu.

Nabanda (Ulongwe): Khofiyo sindinamwe n'komwe, mtengo wake unandithamangitsa.

Aphunzitsi Mbewe: Mayi Nabanda, mwapita pamalo pabwino. Nyumba imeneyo inali ya kampani ya anthu a ku Scotland, African Lakes, imene ankaiyendetsa pachibale John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala anthu anapatsa John chifukwa cha magalasi amene ankavala, kenako dzinalo linagwira nyumba, kampani ndi dera lonse. Ndipo nkhani yake ikutikhudza ife a kuno, chifukwa katundu wa kampaniyo ankalowera ku Quelimane, pambuyo pake ku Chinde, n'kukwera ndi sitima mu Zambezi ndi mu Shire. Koma a Kachewere, chimene ndikufuna mumve ndi ichi: nyumba ija si ya simenti. Ndi njerwa zouma ndi dzuwa ndi dothi, monga zathu zomwezi. Yakhalitsa chifukwa khonde limatchinga makoma ku mvula, ndiponso denga likabooka pamapezeka wokonza.

Kachewere: Wokonzayo amalipidwa ndi alendo, aphunzitsi. Ku Domwe kuseri kwa dimba langa abwera mlendo wanji? Adzaone chiyani, mileme?

Bambo a Tadala (Moatize): Ndilowepo ine wa pamsewu. Zaka zonsezi ndikuyendetsa thiraki ndalowamo m'nyumba ziwiri zosungidwa kuti anthu azikaona. Yoyamba ndi ya Mandela ku Soweto, nambala 8115, msewu wa Vilakazi, ku Orlando West. Ndinkayembekeza chinyumba choopsa. Abale, ndi kanyumba ka njerwa zofiira, zipinda zinayi, kochepa kuposa yanga ya ku Moatize. Anayamba kukhalamo mu 1946, ndipo atatuluka m'ndende mu 1990 anabwerera momwemo masiku 11 okha. Pakhoma pakuonekabe pamene zipolopolo zinamenya. Msewu womwewo pali nyumba ya Desmond Tutu. Yachiwiri ndi ya Kaunda ku Lusaka, Chilenje nambala 394, mmene anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Nayonso ndi nyumba ya m'komboni basi, ndipo pamalopo anasunga Land Rover yakale imene ankayendera. Ndiye zoti nyumba yosungidwa iyenera kukhala yosanja ndiponso ya mzungu, ayi.

Kachewere: Mandela ndi Kaunda anali mapulezidenti, achimwene. Agogo anali telala.

Nabanda (Ulongwe): Telala amene anayenda wapansi mpaka ku Salisbury, Harare wa lero, nakhala kumeneko zaka, nabwera ndi makina a Singer ndi malata a nyumba yoyamba ya njerwa zootcha m'mudzi monse. Yunifolomu imene bambo ako anavala ku sukulu ya mishoni ya Lifidzi inasokedwa pakhonde lomwe ukufuna kugumulalo.

Mayi a Lusia (Songo): Pepani ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito ya usiku. Ine pamene ndinkaphunzira za unamwino ku Nampula tinapita ku Ilha de Moçambique, tinalowa mu Palácio de São Paulo. Anaimanga ansembe a Chijezuiti mu 1610 ngati sukulu, atathamangitsidwa mu 1759 inasanduka nyumba ya bwanamkubwa, ndipo likulu la dziko linakhala pachilumbapo mpaka 1898. Mkatimo muli mipando yosema ya ku Goa, mabedi aakulu oti banja lonse la kwathu lingagonepo, mbale za ku China. Maso amakhuta ndithu. Koma ine ndinatuluka mtima uli zii. Zipinda zonse zija ndi za munthu amene ankadya. Amene ankaphika, kutunga madzi ndi kunyamula machila, mphasa yawo sindinaione. Ndinakawapeza titatuluka, kumbali ya chilumba imene amati macuti, kumene nyumba zake zili m'munsi mwa msewu chifukwa miyala yomangira mzinda wa mabwana ankaikumba kumeneko. Anthu akukhala m'dzenje limene makolo awo anakumba. Chiyambire tsiku limenelo, ndikalowa m'nyumba yakale iliyonse ndimayamba ndafunsa khitchini ndi kuseri.

Ndiye Nabanda ndili mbali yako, mchemwali. Tikagwetsa za atelala, zotsala zidzakhala za abwanamkubwa zokhazokha, ana athu adzayesa kale kunkakhala iwo okha.

Wa Feteleza: Moni nonse. Urea ndi NPK zafika pa Calómuè, mtengo wabwino, ofuna andipeze kumbali.

Woyang'anira gulu: Achimwene, malonda ndi Lachisanu. Tinagwirizana.

Wa Feteleza: Pepani akulu. Koma a Kachewere mundipeze.

Madala Jere (Tete): Ana inu, ndawerenga zonse, mdzukulu wanga ndiye akundilembera chifukwa maso anatha. Ndikufuna ndimuikire kumbuyo pang'ono mnyamata wa mbatatayu, poti mukumuona ngati wopanda mwambo, pamene mwambo weniweni uli mbali yake.

Kwathu ndili mwana, munthu wamkulu akamwalira nyumba yake sinkakhala. Maliro akatha, anthu atameta, nyumba ija ankaigwetsa. Palibe ankafuna kugona mmene mwatuluka mtembo, ndiponso ankati mzimu usamabwererebwerere pakhomo. Mudzi ukachuluka manda kapena nthaka ikaguga, tonse tinkasamuka, pakale paja n'kutsala bwinja. Ukadutsa pabwinja umadziwa ndi nthochi, mango ndi mapale, basi. Munthu sitinkamusunga m'khoma. Tinkamusunga m'dzina. Mwana akabadwa amatenga dzina la agogo ake, mfumu ikafa wina amalowa dzina, pakatha chaka pamakhala bona, mowa n'kuphikidwa, gule n'kutuluka. Nyumba inali ngati chovala, chikatha umataya.

Zosunga nyumba ya wakufa, kutsekera mpando wake ndi chingwe kuti munthu asakhalepo, anthu n'kumalipira kuti aone bedi lake, akanamva agogo anga akanati mukuweta mizukwa.

Kachewere: Madala, Mulungu akusungeni. Thumba la mbatata likubwera ku Tete.

Madala Jere (Tete): Usafulumire mwana wanga, sindinathe. Mwambo umenewo unkayenda chifukwa osunga nkhani analipo. Madzulo pamoto, pamtondo, pabwalo, nkhani zinkabwerezedwa mpaka mwana aziloweza. Lero mdzukulu amene akundilemberayu ndikamuuza kuti tinathawa nkhondo usiku, mayi ake ali kumbuyo kwa agogo ake, tinawoloka msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu n'kukhala othawa kwawo tikuona phiri la kwathu ndi maso, amandimvera ngati nthano ya kalulu. Tinabwerera mtendere wa 1992 utasainidwa ku Roma, tinapeza nyumba yanga ndi chulu. Ndilibe choti ndimuloze. Inu muli nacho. Nkhondo ija inasiya nyumba zingati zili chiimire ku Angónia?

Nabanda (Ulongwe): Yathuyo inatsala makoma okha, Madala. Malata anasasula, zitseko anawotha moto. Agogo atabwerako ku Malawi mu 1993 anafoleranso ndi udzu, malata ena anadzagula amalume pambuyo pake. Makina a Singer anapulumuka chifukwa anawakwirira m'dimba atawakulunga m'chikopa ndi matumba. Khoma la kum'mawa lili ndi mabowo atatu, ife tili ana tinkapisamo zala.

Kachewere: Anayi. Lina lili m'munsi mwa windo, ndinalimata ndine.

Mayi a Lusia (Songo): Mwaona? Wogwetsa yemweyo ndi amene akudziwa kuwerenga mabowo.

Aphunzitsi Mbewe: Mawu a Madala andikhudza, chifukwa ndi vuto limene ndimakumana nalo m'kalasi. Ndikamaphunzitsa mbiri ya chigawo chathu cha Tete, zoti ndiwaonetse ana ndi za atsamunda ndi za mishoni: linga la São Tiago Maior mumzinda wa Tete, tchalitchi cha Boroma pamtunda poyang'ana Zambezi, Lifidzi kuno kwathu. Zathu zili kuti? Likulu la Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, linali ku Mano, m'chigawo chomwe chino, asanasamukire ku Zambia kumene timapita ku Kulamba mwezi wa Ogasiti ku Mkaika. Ufumu waukulu chotero, koma nyumba yoti ulowemo palibe. Ku Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi, Bonga, wolamulira deralo, anagonjetsa magulu a nkhondo a Apwitikizi kangapo, linga lake linadzagwa mu 1888. Livingstone anafika ku Tete mu Marichi 1856 ndipo tikudziwa ngakhale dzina la mkulu wa asilikali amene anamulandira, Sicard, chifukwa zinalembedwa. Koma Amakololo amene anamuperekeza, amene anawasiya ku Tete komweko, ankagona pati? Ku Wiriyamu, pa 16 Disembala 1972, nyumba zinatenthedwa pamodzi ndi eni ake, lero pali chipilala.

Kumwera anayesetsa. Ku Nwadjahane, m'boma la Manjacaze ku Gaza, kumene Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, anabadwira mu 1920, mudzi wake anausandutsa malo oti anthu azikaona, ndipo chimene umaona ndi pakhomo pa anthu wamba. Ana anga a sukulu sangafike ku Gaza, ndalama ya shapa, minibasi, yopita ku Tete yokha imativuta. Koma ku Domwe tingapite wapansi.

Mphwanga wa ku Maputo: Aphunzitsi mwaiwala Casa de Ferro kuno. Nyumba yachitsulo yokhayokha, makoma ndi denga lomwe, ya 1892. Anakonzera bwanamkubwa koma sanakhalemo chifukwa cha kutentha. Ndimati ndikaidutsa ndimaganiza kuti akanaiika ku Tete mwezi wa Novembala, bwanamkubwayo akanapsa ngati mbewa zapamsewu.

Bambo a Tadala (Moatize): Kkkkk ku Moatize ikanakhala uvuni wa buledi.

Mphwanga wa ku Maputo: Palinso Casa Amarela, pafupi ndi linga, mmene muli ndalama zakale. Ndinaonamo makasu ndi mikanda zimene anthu ankagulira zinthu ndalama zisanabwere. Khasu lenileni ngati la agogo, lili m'galasi. Ndiye asuweni a Nabanda, musanataye zitsulo za m'nyumbamo muziyamba mwafunsa.

Bambo a Tadala (Moatize): Koma ndinene chimodzi chimene sindinachikonde m'nyumba zoterezi, kulikonse. Zimayera mopitirira. Nyumba ya munthu imanunkha utsi, pamakhala nsapato pakhomo, mwana akulira kuseri. Ikasanduka yoonetsa, zonse zili m'malo mwake ngati mwini wake sanadyepo nsima. Umayenda manja kumbuyo, osakhudza, osakhala pampando, pena kujambula amaletsa. Ndikumvetsa chifukwa chake, anthu mazanamazana akagwira chinthu chimodzi chimatha. Koma ya ku Domweyo mukaisunga, musaichite choncho. Muzikhala munthu. Nyumba yopanda moto chiswe chimaidziwa.

Mayi a Lusia (Songo): Zoona. Ndipo amene mukufuna kukaona malo otere, yambani mwafunsa ngati atsegula. Ife kwina tinayenda mtunda wautali n'kupeza loko pachitseko, wa makiyi wapita kumaliro. Tinangojambulitsa pakhonde n'kubwerera.

Kachewere: Chabwino, nonse mwalankhula bwino, Chichewa chokoma. Tsono tiyeni ku ndalama. Mitengo ya denga yonse ndi yosintha. Malata asanu ndi atatu ndi obooka. Khoma la kumadzulo lang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amene ndimakhala pamudzipo ndine, mvula ikabwera ndi mphepo usiku amene amadzuka kukaona ngati yagwera mbuzi ndine. Asuweni anga amabwera pa Khirisimasi, kujambula, kulira pang'ono, n'kukwera shapa. Paja mumati mutu umodzi susenza denga. Denga lake ndi limeneli, mitu ili kuti?

Nabanda (Ulongwe): Apo wanena zoona, sindikana. Koma nawenso usalankhule ngati malowo ndi ako wekha. Pamudzi paja ndi pa agogo aakazi, mbumba ndife. Iwe unabadwirapo chifukwa amalume anatenga mayi ako chitengwa.

Kachewere: Ndiye mbumbayo igule malata.

Woyang'anira gulu: Asuweni awiri inu, za chitengwa mukakambirane kwanu. Pano tikhale pa nyumba.

Madala Jere (Tete): Asiyeni, pachisuweni amatero. Koma ndifunse: mwinimbumba mwamuuza? Bambo ake a mnyamatayu ali moyo?

Kachewere: Alipo Madala, koma anakalamba, akukhala kwa achemwali anga ku Tsangano. Ndinawauza pafoni, anangoti "ona iwe mwini".

Madala Jere (Tete): Munthu wamkulu akati "ona iwe mwini" sanavomere.

Aphunzitsi Mbewe: A Kachewere, ndipemphe chinthu chimodzi chosafuna ndalama. Musanachite chilichonse, lowani m'nyumbamo ndi foni. Jambulani chipinda chilichonse, makoma onse anayi kunja, mabowo aja, ndi katundu yense pamene ali, musanasunthe. Mapepala mukawapeza musawapinde kapena kuwamata ndi selotepi, ndipo musawaike m'pulasitiki ngati ali ndi chinyontho, amachita nkhungu. Kenako mukhale ndi bambo anu, mutsegule chojambulira mawu, muwafunse chinthu chimodzichimodzi: ichi anagula kuti, uyu pachithunzi ndani, apa pankagona ndani. Ndinaona ku Mua, m'nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare, mmene anasonkhanitsira za Achewa, Angoni ndi Ayao: chinthu chimalankhula ngati pali wina amene anafunsa akuluakulu n'kulemba. Makina a Singer opanda nkhani yake ndi chitsulo cha sikirapu.

Kachewere: Ndili kumunda. Ndikaweruka ndikalowa.

Kachewere: Ndabwera. Mileme yandilandira bwino. M'chipinda cha agogo muli makina aja, simbi ya makala, nyale ya galasi losweka, ndi sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Kiyi palibe, ndathyola loko, asuweni mundikhululukire. Mkatimo muli jekete lodyeka ndi njenjete, lumo losokera lalikulu, buku la nyimbo lachinyanja, chithunzi cha amuna anayi ovala zipewa ataima pambali pa njinga, ndi kabuku kakang'ono kachipwitikizi kokhala ndi zidindo zambirimbiri ndi chala chodinda. Ndatumiza zithunzi. Aphunzitsi, kameneka n'chiyani?

Aphunzitsi Mbewe: A Kachewere, mwapeza chinthu chimene ine ndimangochiphunzitsa pa bolodi osachigwirapo. Imeneyo ndi caderneta indígena, chiphaso chimene munthu wakuda ankayenera kuyenda nacho nthawi ya atsamunda. Mmenemo ankadinda msonkho ndi ntchito imene wagwira. Zidindo zikapanda kukwanira, asipayi, apolisi a atsamunda, ankakugwira, n'kukumenya m'manja ndi thabwa la mbalamatodya, kenako chibalo. Anthu ambiri a kuno amene anathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia ankathawa kabuku kameneka. Lamulo losankhana anthu akudali, lotchedwa indigenato, linathetsedwa mu 1961. Taonani tsamba lachitatu pachithunzi chanu, zidindo zikutsatana chaka ndi chaka, kenako pali zaka zopanda kanthu, kenako zikuyambanso. Ndikuganiza kuti mpata umenewo ndi nthawi ya ku Salisbury. Bambo anu angatsimikize.

Nabanda (Ulongwe): Pachithunzipo wachiwiri kuchokera kumanzere ndi agogo. Taona makutu, ndi ako omwewo. Ine sindinawaonepo ali mnyamata. Ndili mu sitolo koma misozi ikungotsika, makasitomala akundidabwa.

Madala Jere (Tete): Mbalamatodya ndinaiona ndi maso anga, bambo anga anabwera manja atatupa osatha kugwira nsima, amayi ankawadyetsa ngati mwana. Kabuku kawo tinakataya pothawa. Mwana wanga, kako usakaike m'thumba la thalauza.

Kachewere: Ndakaika m'buku la nyimbo momwe kanali. Amuna atatu enawo ndani? Mmodzi akufanana ndi a mfumu akale.

Nabanda (Ulongwe): Amalume ndi amene angadziwe. Azakhali anga a ku Furancungo nawonso mwina.

Mayi a Lusia (Songo): Ine ndilibe nawo ubale koma lata limodzi ndigula. Nabanda unditumizire nambala kumbali.

Bambo a Tadala (Moatize): Ndikamadzadutsa ku Zóbuè sabata ya mawa ndili ndi mapulanga otsala pa katundu, abwana anati nditaye. Akhoza kuthandiza pa denga. Koma ku Domwe sindifika ndi thiraki, wina adzawalandire pamphambano.

Aphunzitsi Mbewe: Ine ndalama ndilibe, mukudziwa za malipiro athu. Ndibwera ndi ana a kalasi langa kudzasesa ndi kulemba katundu yense m'kaundula, ngati eni nyumba alola. Khoma long'alukalo musalimate ndi simenti musanaone pansi pake, kawirikawiri vuto limakhala madzi a padenga amene akugwera m'tsinde mwa khoma. Ngalande yaing'ono ndi khonde zimachiza zambiri.

Nabanda (Ulongwe): Malata anayi ndi anga. Atsala atatu. Achimwene a ku Beira ndiwaimbira usiku, asamangotumiza zithunzi za nsomba pagulu la banja.

Kachewere: Musathamange. Sindinanene kuti sindigwetsa. Ndati ndidikira. Mosungira mbatata ndikufunabe, ndipo njerwa ndaumba kale.

Nabanda (Ulongwe): Manga kuseri, pamene panali khola la ng'ombe. Malo alipo.

Kachewere: Pamenepo m'ponyowa. Tikaone limodzi Loweruka, mubwere ndi nsapato zoyendera m'matope, osati zija za ku Blantyre. Tikatero tipite ku Tsangano kwa bambo ndi sutikesiyo.

Madala Jere (Tete): Musapite chimanjamanja. Tengani nkhuku ndi kafodya, ndipo musayambe ndi mafunso. Muikeni chithunzicho m'manja, mukhale pansi, mudikire.

Wa Feteleza: A Kachewere nanga za urea zija?

Kachewere: Lachisanu, achimwene. Ndipo aphunzitsi, ana anuwo muwauziretu: mbewu yanga ya mbatata ili m'chipinda chochezera cha agogo mpaka mvula itagwa. Akadzabwera adzalumphe matumba, asadzaponde.